Mukakumana ndi olondera pamadzi: dziwani malamulo anu ndi awo

Alimi anzanga, sabata ino tiyeni tisiye kaye khasu mumzere titsikire kudoko. Phunziro lathu ndi la anthu amene amalondera panyanja ndi m'mitsinje, malamulo amene amawatuma, ndi malamulo amene iwonso ayenera kuwatsata.

Wina afunsa kuti nkhani ya pamadzi ikufuna chiyani pa tsamba la alimi. Ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, kudzanso ku Chilwa, ku Chiuta ndi ku Chigwa cha Shire, munthu amene m'mawa ali m'munda wa mpunga kapena wa chinangwa ndi yemweyo amene madzulo akupalasa bwato. Ndalama ya feteleza imachokera mu ukonde, ndipo yosokera ukonde imachokera m'nkhokwe. Ife a kumtunda nafenso ndiwo imene timaikwanitsa pamsika ndi usipa, matemba, utaka ndi mlamba wowamba. Palinso ambiri amene kuti akafike kudimba, kuchigayo, kuchipatala kapena kumaliro, mpaka aoloke mtsinje pabwato.

Ine ntchito yanga ndi ya nthaka ndi mbewu, ndipo ndimayenda m'makalabu a alimi a m'mbali mwa madzi. Madandaulo amene ndimamva kumeneko ndi a mitundu iwiri. Ena amati olondera ndi ankhanza, amangolanda. Ena amati olondera saoneka, n'chifukwa chake nsomba zatha. Onsewa pena amanena zoona, ndipo mankhwala ake ndi amodzi, kudziwa malamulo. Msodzi wodziwa chimene olondera akufuna sataya ukonde wake. Wodziwanso pamene mphamvu zawo zalekezera sataya ndalama yake kwa munthu wadyera.

Chimene akulondera ndi mbewu

Mlimi aliyense amadziwa kuti ngakhale njala ivute bwanji, chimanga cha mbewu sichipita kuchigayo. Madzi nawonso ali ndi mbewu yake, ndipo ndiyo imene olondera amatumidwa kukateteza.

Titengere chitsanzo chambo. Champhongo chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa, ndipo ana akaswa chimawasungabe m'kamwamo kwa masabata angapo chisanawasiye m'madzi osaya, m'bango ndi m'maudzu a m'mbali. Ana amenewa, amene timawatcha kasawala, amatenga pafupifupi zaka zitatu kuti nawo ayambe kuswana. Tsono khoka lokokedwa pa nthawi yoswana limaononga katatu. Limagumula zisa, limapha mayi ndi ana ali m'kamwa, ndipo limakokolola kasawala.

Zotsatira zake tinaziona pa nyanja ya Malombe ku Mangochi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanja imeneyi inkatulutsa chambo choposa matani 8,000 pachaka. Makoka a maso ang'onoang'ono ophera kambuzi, makamaka nkacha, atachuluka, anakanda pansi pa nyanja mpaka maudzu obisalamo ana a nsomba anatha. Patangopita zaka pafupifupi khumi chambo chinatsika osafikanso ngakhale matani 1,000. Mu 2018 bungwe la dziko lonse loona za zachilengedwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pa chiopsezo chachikulu choti zikhoza kutheratu.

M'mitsinje nkhani ndi yomweyo. Mpasa ndi sanjika zimakulira m'nyanja, koma kukaswana zimakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru. Ntchila nayo inkakwera mitsinje mwaunyinji, ndipo m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zikuluzikulu za malonda m'dziko muno. Anthu ankaitchinga pamathiriro a mitsinje ili ndi mazira m'mimba, uku matope ochokera m'minda akukwirira malo ake oswanirana. Lero ana ambiri a kunyanja ntchila amangoimva dzina.

Olondera ndi ndani?

Si onse obwera pa boti amene ali ndi ntchito imodzi. N'kofunika kuwasiyanitsa.

Oyamba ndi a dipatimenti ya za nsomba, amene m'madoko timangowatcha a Fisheries. Iwo amayang'ana malaisensi, zida zophera nsomba, nyengo ndi msinkhu wa nsomba.

Achiwiri ndi apolisi, kuphatikizapo a nthambi ya pamadzi. Iwo amaperekeza a Fisheries pa chipikisheni, amafufuza za kubedwa kwa maukonde ndi mainjini, amagwira ozembetsa katundu ndi anthu, ndiponso amasaka anthu pakachitika ngozi.

Achitatu ndi a dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi, a Marine. Lamulo la za maulendo a pamadzi la 1995 linawapatsa udindo wolembetsa ndi kuyeza maboti ndi sitima, komanso kupereka ziphaso kwa oyendetsa.

Achinayi ndi alonda a malo osungirako zinyama, amene ambiri timawatcha a gemu. Madzi ali m'kati mwa malo otetezedwa ndi awo.

Achisanu ndi makomiti a m'madoko, otchuka ndi dzina lakuti ma BVC. Anayambira ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, boma litaona kuti lokha silingathe kulondera madoko onse.

Lamulo la kasungidwe ndi kasamalidwe ka nsomba la 1997 ndilo linamanga magulu amenewa mtolo umodzi. Linati ntchito yoteteza nsomba si ya a Fisheries okha, koma apolisi ndi a zinyama ali nayonso mphamvu, ndipo linatsegula khomo lakuti anthu a m'midzi atengepo mbali. Linawapatsa olondera a boma mphamvu yoimitsa bwato kapena boti, kukweramo, kuona laisensi, kuyeza zida ndi nsomba, kulanda zimene akuzikayikira kuti zagwiritsidwa ntchito pophwanya lamulo, ndi kumanga munthu. Kuwatsekereza pa ntchito yawo ndi mlandu paokha.

Zimene amayang'ana akakuimitsani

1. Laisensi. Zida zophera nsomba za malonda monga matchera, chilimira ndi makoka zimadulidwa laisensi ku ofesi ya za nsomba, ndipo laisensiyo imatha pachaka. Ya chida china siimira chida china, monganso chiphaso cha njinga yamoto sichiyendetsa lole.

2. Nyengo. Kwa zaka zambiri makoka okokera kumtunda pa Nyanja ya Malawi akhala akuimitsidwa kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala. Malombe, Chilwa ndi kumtunda kwa Shire kuli masiku akeake, ndipo maboti akuluakulu okoka ndi injini alinso ndi awo. Dipatimenti imalengeza masikuwa chaka ndi chaka pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Mverani chilengezo cha chaka chimenecho, osati zimene mnzanu akukumbukira za chaka chatha. Safunsa anadya phula.

3. Maso a ukonde. Chida chilichonse chili ndi muyeso wake wa maso. Ku Malombe mu 1993 boma linkafuna kuti maso a nkacha akhale mamilimita 38, asodzi anapempha mamilimita 19, ndipo anagwirizana pa 19. Nkacha yomweyo pa Nyanja ya Malawi ndi yoletsedwa. Zina zoletsedwa ndi kandwindwi, maukonde a ulusi umodzi wonga waya wapulasitiki, ndi masikito. Masikito boma limagawa kuti ana asadwale malungo. Mukawasokerera kuthumba la khoka mwaphonya kawiri, udzudzu kunyumba ndi kasawala kunyanja.

4. Msinkhu wa nsomba. Malamulo a usodzi a m'chaka cha 2000 anaika masentimita 15 ngati msinkhu wochepetsetsa wa chambo ndi masentimita 30 wa mpasa. Lula ya mwana wasukulu ndi yotalika masentimita 30, choncho mpasa wosafika lula yathunthu ndi chambo chosafika theka la lula n'zosayenera kupezeka nazo. Amayi ndi abambo a geni ya nsomba, izi zikukhudza inunso, chifukwa chipikisheni chimafika pathandala, pamsika ndi pa zipata za pamsewu.

5. Njira zophera. Kuthira katupe kapena mankhwala ena alionse m'madzi, kuphulitsa mabomba, ndi chiombera, kumenya madzi pofuna kuthamangitsira nsomba mu ukonde, zonsezi n'zoletsedwa. Kutseka mtsinje wonse ndi biyo kapena ukonde pamene nsomba zikukwera kukaswana nakonso kudzakuyambanitsani ndi olondera. Ngakhale makolo athu ankasiya mpata pabiyo kuti zina zidutse.

6. Malo. Paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, imateteza madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi la zilumba zake. Mtsinje wa Shire m'kati mwa paki ya Liwonde ndi wa Bua m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota si malo otchera ukonde. Chiyambire 2015 malo awiriwa akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. M'madera ambiri makomiti anapatulanso malo oswanirana nsomba, ndipo amaikapo zizindikiro.

7. Katundu ndi anthu. Kwa woolotsa anthu, funso loyamba ndi lakuti mwakweza angati. Pa Pasaka wa mu Epulo 2017 boti lodzaza ndi anthu ochokera kumapemphero linagubuduzika ku Mlowe m'boma la Rumphi. Mu Epulo 2023 bwato lonyamula anthu opita kumaliro linamira pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji. Mwezi wotsatira mvuu inagunda bwato limene munali anthu 37 pa Shire ku Nsanje. Malo onsewa anthu anafa. Wapolisi akatsitsa anthu ena m'bwato lanu, kapena akafunsa za majekete oyandamitsa, si nsanje ya ndalama zanu. Inunso okwera, mukaona madzi atsala pang'ono kufika pamlomo wa bwato, tsikani mudikire ulendo wachiwiri. Kuchedwa kumaliro kuli bwino kusiyana ndi kuonjezera maliro.

Malamulo amene olondera ayenera kutsata

Mbali iyi ndi imene ambiri saidziwa. Ufulu umene uli m'malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 suthera pagombe. Umakwera nanu m'bwato.

Choyamba, adziwike. Wolondera weniweni amakhala ndi yunifolomu kapena chiphaso cha ntchito, ndipo sakwiya mukapempha mwaulemu kuti muchione. Izi zimatetezanso dzina lawo, chifukwa pali akuba amene amalanda maukonde usiku ponamizira chipikisheni.

Chachiwiri, anene chifukwa. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake m'chinenero chimene iye amamva. Auzidwenso kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu.

Chachitatu, asamenye. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu ndi kumunyazitsa. Mphamvu imaloledwa pokhapokha pogwira munthu amene akulimbana kapena kuthawa, ndipo ikhale yolingana ndi vutolo. Kukwapula msodzi amene wakhala kale pansi, kumugubuduza m'matope, kapena kumumwetsa madzi sichilango chimene lamulo limachidziwa. Wopereka chilango ndi khoti.

Chachinayi, mayi asechedwe ndi mayi mnzake, ndipo mwaulemu. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu limatero. Amayi ogula nsomba m'madoko, gwirani mfundo imeneyi. Wolondera wopempha thupi lanu kuti akubwezereni dengu la nsomba wapalamula mlandu waukulu kuposa wa nsombazo.

Chachisanu, zolandidwa zilembedwe. Ukonde, injini, bwato kapena nsomba zolandidwa ndi umboni wa mlandu, si mphotho ya wolanda. Onetsetsani kuti zalembedwa inu mukuona: ndi chida chanji, n'chachitali bwanji, nambala ya injini, madengu angati a nsomba, tsiku, malo, ndi dzina la wolandayo. Nsomba sizidikira mlandu poti zimaola, choncho kuchuluka kwake kulembedwe zisanachoke pamaso panu. Chida choletsedwa musayembekeze kuchionanso, kawirikawiri chimaotchedwa. Koma bwato, injini ndi ukonde wovomerezeka zili ndi njira yake yotsata, ndipo pepala lija ndilo lidzakulankhulirani.

Chachisanu n'chimodzi, ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti. Chindapusa cha boma chimalembedwa pa lisiti la boma lija timati GR. Cha komiti chimalembedwa m'buku la komiti pamaso pa mboni. Ndalama yoperekedwa pakati pa madzi popanda pepala, ija amati ya fanta, ndi chiphuphu, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Kumbukiraninso kuti amene wadya kangachepe lero abweranso mawa. Ukonde wosavomerezeka umasanduka munda wake, inu n'kumangomulimira.

Chachisanu n'chiwiri, maola 48. Munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba la khoti ngati maolawo athera pa tsiku losagwira ntchito. Apo ayi atulutsidwe. Belo ya kupolisi ndi yaulere.

Chachisanu n'chitatu, moyo uli patsogolo. Boti la injini likathamanga pafupi ndi bwato la mtengo, mafunde ake okha atha kuligubuduza. Palibe ukonde umene mtengo wake ungafanane ndi moyo wa munthu. Wina akagwera m'madzi, kaya ndi wolakwa kaya ndi wolondera, chipikisheni chiime, ayambe avuulidwa.

Malamulowa akaphwanyidwa, kokadandaula kulipo. Yambani ndi mkulu wa polisi ya kwanuko kapena mkulu wa za nsomba paboma, kenako bwanamkubwa. Pali bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010. Palinso ofesi ya Ombudsman, bungwe la za ufulu wa anthu, ndi bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Pitani ndi tsiku, malo, mboni ndi pepala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Zoyenera inu kuchita

Akakukodolani kapena kukuunikani ndi tochi, imani. Zimitsani injini, ikani nkhafi pansi, manja aoneke. Musadumphire m'madzi. Ku Shire, ku Bua ndi ku dambo la Ndindi ng'ona sizifunsa kuti walakwa ndani, ndipo panyanja usiku gombe limaoneka pafupi pamene lili kutali.

Musataye ukonde m'madzi pofuna kubisa umboni. Ukonde wotayidwa umapitiriza kukola nsomba miyezi yambiri popanda wozikolola.

Laisensi muziyenda nayo m'kabotolo kapena m'pepala lapulasitiki lomanga bwino. Eni zida amene mumatsala kumtunda, apatseni anyamata anu pepalalo kapena chithunzi chake, chifukwa amene amakumana ndi olondera ndi iwowo. Si chilungamo kutuma mwana wa mnzanu ndi khoka loletsedwa, iye n'kukagona m'chitokosi inu muli pamphasa.

Lankhulani mwaulemu ngakhale mukuona kuti akukulakwirani. Mawu ngati akuti, “Bwana, ndamva. Ndimapempha mundilembere zimene mwatengazi ndi dzina lanu,” amagwira ntchito kuposa kutukwana. Mlandu sauzengera pamadzi. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunaliwerenge kapena kuwerengeredwa. Ndipo musamemeze mudzi kuti ugende olondera. Mlandu wa ukonde utha kutha ndi chindapusa, koma wovulaza wapolisi umapititsa munthu kundende.

Mudzi ukamalondera wokha

Boti la boma limafuna mafuta, ndipo gombe la dziko lino ndi lalitali. Kulondera kumene kumapindula kwambiri ndi kwa anthu amene amagona pomwepo. Zitsanzo tili nazo.

Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja chiyambire zaka za m'ma 1950. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa cha mu Epulo, ndipo pa nthawiyo asodzi amachokapo kupita kukalima. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Lamulo limagwira aliyense, ndipo anthu amalimvera chifukwa potsegulira amaona ndi maso awo kukula kwa utaka.

Ku nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, mu 1995 asodzi eni ake anapanga makomiti n'kuchotsa eni nkacha amene anadzaza nyanjayo ndi kudetsa madzi akumwa. Sanadikire kuti wina awatume.

Ku Malombe, kumene makomiti anayambira, zinthu sizinayende chomwecho. Ofufuza amene anatsata ntchitoyi anapeza kuti makomiti ambiri ankaoneka ngati a boma osati a asodzi, kuti anyamata ogwira khoka analibe mawu m'menemo, ndiponso kuti panali kukokanakokana ndi mafumu ena amene ankalandira nsomba kwa eni makoka. Phunziro lake n'lakuti komiti yopanda chikhulupiriro cha anthu ake ndi mpanda wopanda mizati.

Tsono kwa makomiti amene amalondera, malangizo anga ndi awa. Malamulo a padoko alembedwe, avomerezedwe ndi mfumu ndi ofesi ya za nsomba, ndipo awerengedwe pa msonkhano nyengo yotseka isanafike, alendo osodza ali pomwepo. Musapite kolondera munthu mmodzi kapena a banja limodzi. Mukamapita dziwitsani mfumu ndi mlangizi wa za nsomba, ndipo ngati mukuyembekezera chiwawa itanani apolisi. Woledzera atsale. Mwera ukamaomba ulendo ulephereke. Mukagwira munthu mupereke kupolisi mosachedwa, poti lamulo silikulolani kumusunga kapena kumumenya. Zolanda zilembedwe ndi kuperekedwa kumene malamulo anu akunena, osati kugawana. Msungichuma aziwerengera anthu ndalama za zindapusa poyera.

Koposa zonse, muyeso ukhale umodzi. Tsiku limene mudzalekerere khoka la mlamu wake wa wapampando, kapena la mwana wa mfumu, ndilo tsiku limene komiti yanu idzafe. Pajatu khoswe akakhala pamkhate sapheka, choncho musalole kuti akwerepo.

Samalani malire

Madzi alibe mzere wooneka, koma malire alipo. Pangano la 1954 la pakati pa Britain ndi Portugal linaika malire a dziko lino ndi Mozambique pakati pa nyanja m'chigawo chimene maiko awiriwa ayang'anizana, ngakhale zilumba za Likoma ndi Chizumulu zili za Malawi. Mtsinje wa Ruo, ndi mbali ina ya Shire kumunsi kwa Chiromo, ndi malirenso, ndipo Chiuta ndi Chilwa zili m'malire momwemo. Laisensi ya kuno siigwira ntchito tsidya linalo. Mukagwidwa kumeneko muweruzidwa ndi malamulo a kumeneko, ndipo olondera a kwathu alibe mphamvu yokakulanditsani. Amene mumalima kapena kugula chimanga tsidya lija, olokerani pa madoko odziwika, masana, muli ndi chiphaso choolokera.

Zimene boti la olondera silingagwire

Pano ndilankhule ngati wa zaulimi. Pali adani a nsomba amene sakwera bwato, ndipo amachokera m'minda mwathu.

Woyamba ndi matope. Tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kudula mikuyu ndi kutentha bango, mvula yoyamba imakokolola nthaka kukakwirira miyala ndi mchenga pamene mpasa umaikira mazira. Munda wataya chonde, mtsinje wataya mbewu. Siyani lamba wosalima m'mbali mwa mtsinje, mudzalemo vetiva, nsenjere, nsungwi ndi mitengo ya m'madzi, ndipo kumtunda limani mizere yopingasa motsata akalozera. Mlangizi wa kwanuko akuuzani kukula kwa lamba woyenera mtsinje wanu.

Wachiwiri ndi mankhwala. Musatsukire sipuleya mumtsinje kapena kutayamo mabotolo a mankhwala a thonje ndi a tomato. Kupha nsomba dala ndi mankhwala a mbewu ndi mlandu, ndiponso nsombazo zikadyedwa ndi ana anu omwe.

Wachitatu ndi mtengo umene ife a zaulimi timaulimbikitsa, ombwe kapena kuti mthuthu. Ndi wabwino pobwezeretsa chonde m'nthaka ndi pothamangitsa tizilombo, koma masamba ake osinja akalowa padziwe amapha nsomba zonse, zazikulu ndi ana omwe. Malo ake ndi kumunda. Woutengera kumtsinje asadzanamizire alangizi.

Zokambirana pa kalabu

Pa msonkhano wanu wotsatira, wina awerenge phunziroli mokweza ndipo muyankhe mafunso awa:

1. Kodi nyengo yotseka usodzi kwathu kuno iyamba liti chaka chino, ndipo ikukhudza zida ziti?

2. Pa miyezi yotsekayo mabanja odalira khoka adzadya chiyani? Kodi tingakonzeretu dimba, mpunga, mbuzi, nkhuku kapena banki m'khonde kuti njala isatikankhire kumadzi?

3. Kodi bwato lathu loolotsa anthu limayenera kunyamula angati, ndipo ndani amawerenga?

4. Kodi komiti yathu ili ndi buku la zolanda ndi la zindapusa? Tinaliona liti?

5. Munthu wa m'mudzi muno akalandidwa katundu popanda pepala, tidzamuperekeza kwa yani?

Funso lachiwirilo musalidumphe. Ambiri amene amagwidwa nyengo yotseka si anthu oipa, ndi anthu amene nkhokwe yawathera mu Novembala, feteleza asanagule. Munda ukakolola bwino, nsomba zimapeza mpata woswana.

Mukatha kukambirana, tumani anthu awiri, bambo ndi mayi, apite ku ofesi ya za nsomba akatenge masiku otseka ndi miyeso ya maukonde zolembedwa papepala, ndipo mukakhome pepalalo pamtengo wa padoko pamene aliyense angalione. Dulani tsamba lino mulikhome pambali pake, kuti msodzi ndi wolondera yemwe aziwerenga malamulo a mnzake.